Mizere Yofiira

Ku Milange kuli phiri. Dzina lake ndi Tumbine. M'munsi mwa phirilo muli tauni. Kupitirira tauni kuli malire. Munthu akaoloka mtsinje, wafika ku Muloza, m'dziko la Malawi.

Pafupi ndi msika panali kanyumba ka malata. M'kanyumbamo munkagwira nchito amalume a mtsikana wina wa kalasi 1. Nchito yawo inali kulembera anthu makalata. Poyamba ankalemba pa makina a taipi. Ta ta ta! Ta ta ta! Akalakwitsa mau, ankang'amba pepala ndi kuyambiranso.

M'caka ca 2001 amalume anagula kompyuta yakale ku Quelimane. Inali yolemera. Galasi lake linali ngati la wailesi ya kanema. M'kati mwake munali Office 97.

Office 97 si cinthu cogwira ndi manja. Ili ngati mtolo wa zida. Mlimi ali ndi khasu, nkhwangwa ndi cikwanje. Mlembi wa pa kompyuta anali ndi Word, Excel ndi PowerPoint. Word ndi yolembera makalata. Excel ndi yowerengera. PowerPoint ndi yoonetsera mau ndi zithunzi pa msonkhano. Imeneyi amalume sanaikhudzepo. Misonkhano ya kwawo inkacitikira pansi pa mtengo wa mango.

Mtolowu unacokera kutali, ku America, ku kampani ya Microsoft. Kampaniyi anaiyambitsa Bill Gates ndi Paul Allen mu 1975. Word inatuluka mu 1983. Excel inatuluka mu 1985. PowerPoint inapangidwa ndi kampani ina, ndipo Microsoft inaigula mu 1987. Poyamba cida ciliconse cinkagulitsidwa pacokha. Mu 1989 anazimanga pamodzi. Mtolowo anaucha Office.

Zaka zimenezo ku Milange kunali nkhondo. Palibe amene ankaganiza za kompyuta. Anthu ambiri anathawira ku Malawi. Agogo a mtsikana uja anathawa nawo. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, ndipo agogo anabwerera kwawo. Koma mwana wawo wamkazi wamkulu anatsala ku Mulanje. Anakwatiwa komweko, kufupi ndi minda ya tiyi. Panapita zaka asanabwere kumudzi.

Mtsikana ankakonda Excel. Excel ili ndi timabokosi tambirimbiri, ngati munda wa mizere. Amalume ankalembamo matumba a cimanga a munthu wina wa malonda. Akalemba manambala, Excel inkaphatikiza yokha. Tsiku lina mtsikana anafuna kuona pothera mizere. Anadina batani, anadina, anadina. Cala cinatopa asanafike. Mizereyo inalipo 65,536!

Munalinso kanthu kena koseketsa. Kanali kawaya kopanira mapepala, koma kanali ndi maso. Dzina lake linali Clippit. Kankatulukira pakona pa galasi kudzafunsa ngati munthu akufuna cithandizo. Kankafunsa ngakhale munthu asanakaitane. Ana ankakakonda. Akuluakulu ankatopa nako, ndipo akuluakuluwo sankalakwa, cifukwa mlendo wofunsafunsa amacedwetsa nchito. Mu Office 2007 anakacotseratu.

Tsiku lina agogo anabwera ku kanyumba kaja. Anayenda pang'onopang'ono, atagwira phewa la mdzukulu wawo. Maso awo anali atayamba kucita mdima.

"Mwananga, undilembere kalata," anatero agogo. "Ipite ku Mulanje kwa mlongo wako. Abwere ndidzamuone maso asanatseke."

"Ndilembe m'Cipwitikizi, amayi?" anafunsa amalume.

"Iai. Ine sindilira m'Cipwitikizi. Lemba m'Cinyanja."

Agogo ankalankhula. Amalume ankalemba. Mtsikana ankayang'ana pagalasi. Mwadzidzidzi anaona kamzere kofiira, kokhotakhota ngati nyongolotsi. Kanali pansi pa mau oyamba. Kenaka kena. Kenaka kenanso. Kalata yonse inafiira!

Mtima wa mtsikana unagunda. Iye ankadziwa tanthauzo la cofiira. Kusukulu, aphunzitsi akalemba mzere wofiira, ndiye kuti mwana walakwa.

"Agogo, makina akuti mau anu onse ndi olakwa," ananong'oneza.

Agogo anakhala cete. Kenaka anati, "Ngati ndi conco, musatumize. Ndisakacititse mwana wanga manyazi kwa apongozi ake." Anayamba kufufuza ndodo yawo kuti azipita.

"Khalani pansi, amayi," anatero amalume. "Iwe mwanawe, sendera kuno uone."

Analemba mau a Cipwitikizi akuti casa. Panalibe mzere. Analemba nyumba. Mzere wofiira uwo! Analemba chuva. Panalibe mzere. Analemba mvula. Mzere uwo!

"Kodi nyumba ndi mau olakwa?" anafunsa amalume.

"Iai, amalume. Timagonamo."

"Nanga mvula?"

"Iai. Inagwa dzulo."

Amalume anafotokoza. M'kati mwa Word muli mndandanda wa mau. Anthu amene anapanga Word ndiwo anaikamo mauwo. Word ikaona mau amene mulibe m'mndandanda, imaika mzere wofiira. Inayamba kucita zimenezi mu 1995. Mndandanda wa kompyuta ya amalume unali wa Cipwitikizi. Wa Cinyanja munalibe. Wosadziwa sanali agogo. Anali makina.

Koma Word inkalola kuiphunzitsa. Amalume anaonetsa mtsikana podina. Iye anasankha mau akuti nyumba, nawaonjezera pa mndandanda. Mzere unazimirira. Anaonjezera mvula. Anaonjezera maso. Anaonjezera agogo. Mizere inkacoka umodziumodzi. Mtsikana wa kalasi 1 anakhala mphunzitsi wa makina mpaka dzuwa linapendeka. Clippit ankangophethira pakona.

Agogo anaseka. "Kani nawonso ndi mwana wa sukulu!"

Amalume anasindikiza kalata. Pepala linatuluka loyera, zilembo zakuda. Mizere yofiira sipita papepala, imatsala pagalasi. Anasunganso kalatayo pa disikete, kambale kakang'ono kolowa m'thumba la malaya. Lero makompyuta atsopano alibe polowetsa disikete. Koma m'mapulogalamu ambiri, kacithunzi kodina posunga nchito kakali ka disikete.

M'mawa mwake kalata inakwera njinga. Anaitenga mnyamata wina wonyamula cimanga. Anaoloka nayo malire, napita ku Mulanje.

Panapita sabata imodzi. Panapita sabata yaciwiri. Agogo ankakhala pakhonde, khutu lili kumseu.

Sabata yacitatu, madzulo, kunabwera mayi atasenza mtanga. M'mtangamo munali shuga ndi masamba a tiyi. Anagwada pakhonde. Agogo anam'papasa nkhope ndi manja awiri, nam'chula dzina lake la paubwana. Kalata ija inali yopindidwa, yomangidwa pakona pa citenje cake.