Usipa, Mchere ndi Miliri Iwiri

Ntchito yanga ndi yokonza nsomba. Ndimagula usipa ndi utaka pa dooko, ndimafutsa, ndimayanika, ndimawamba, kenako n'kutumiza kumtunda: ku Kasungu, ku Ntchisi, ku Lilongwe, nthawi zina mpaka ku Mchinji. Kwathu ndi kuno ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, chakumwera kwa boma mukamalowera ku Chia. Bwato ndilibe, chilimira ndilibe. Chuma changa ndi mathandala, uvuni wa njerwa, migolo yodula pakati, mabeseni, ndi atsikana awiri amene amandithandiza nsomba zikachuluka.

Tsiku lathu amaliyamba ndi asodzi. Mwezi ukakhala mu mdima amalowa m'nyanja madzulo. Siginala amakhala m'bwato ndi nyale, kale zinali zopopa za palafini koma lero ndi mababu a batire, ndipo usipa ukaunjikana pa kuwalako alovi amauzinga ndi chilimira. Ife timafika pa dooko kusanache, ndalama zili pa nsonga ya chitenje. Mtengo umapangidwa pomwepo, malinga ndi mmene nyanja yaperekera usiku umenewo. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira maboti salowa, ndipo mtengo wa ndowa umakwera. Ine ndisanatsutse mtengo ndimayamba ndayang'ana mimba za usipawo. Umene wakhalitsa m'boti umaphulika mimba, ndipo ngakhale uukonze mwaluso bwanji udzanyenyeka basi.

Njira zokonzera ndi zingapo, ndipo iliyonse ili ndi masiku ake. Usipa wongoyanika sulira zambiri, koma umakhala ndi kakuwawa. Wofutsa umafuna mchere, nkhuni ndi maso: madzi a mchere akawira timaviikamo usipa uli m'dengu kanthawi kochepa, n'kuuvuula, n'kuumwaza pa thandala osaunjika. Ukafulumira kuvuula kuwawa kuja sikuchoka, ukachedwa mitu imathothoka. Wokazinga m'mafuta anthu a m'tauni amaukonda ndipo umayenda msanga, koma sukhalitsa, mafuta aja amayamba kununkha. Utaka, kampango ndi mlamba timawamba pa waya mu uvuni, ndipo chofunika pamenepo ndi utsi ndi kutentha kodekha, osati malawi. Azakhali anga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankabwera pa thandala n'kutola kausipa kamodzi, n'kundipatsa: "Mwanawe, tathyola. Kakapindika sikanaume, usandinamize." Panthawiyo ndinkaona ngati ankangofuna nsomba yokoma. Miliri iwiri inadzandionetsa kuti ankanena za ndalama.

Mliri woyamba sunafike pa dooko ndi matenda, unafika ndi malamulo. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, ndipo sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Kenako tinamva pa wailesi kuti kuyambira pa 18 Epulo kukhala m'bindikiro wa masiku 21. Khoti lalikulu linaimitsa m'bindikirowo kutatsala tsiku limodzi, mavenda m'mizinda atachita kale zionetsero, koma msika unali utagwedezeka kale. Sukulu zogonera komweko, zimene zinkagula usipa ndi matumba, zinali zotseka. Malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja anakhala opanda anthu. Maminibasi analamulidwa kunyamula anthu ochepa, ndiye eni ake anakweza mitengo, ya munthu ndi ya katundu yomwe. M'malire munavuta kudutsa, ndipo amayi amene ankagula kwa ife kuti akagulitse ku Chipata anasiya kubwera.

Usipa sudziwa za khoti kapena za boma. Unkatuluka m'nyanja monga mwa masiku onse, ndipo amene ankaukonza kuti ugulitsidwe mawa lomwelo ndi amene anayamba kulira. Ndinaona anzanga akubwerera ndi usipa wokazinga utanunkha, n'kukagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku pa mtengo wa chisoni. Ine ndinasiyiratu kukazinga. Zonse ndinkafutsa, n'kuyanika mpaka kuthyoka, n'kusunga m'madengu pamwamba pa matabwa, m'nyumba mopita mphepo. Pakapita masiku ndinkazitulutsanso padzuwa kuti chuku ndi tizilombo zisalowe. Alipo ena amene amathira mankhwala osungira chimanga pa nsomba kuti zikhalitse. Zimenezo ndi kupha anthu, ndipo pakhomo panga sizichitika. Mchere wokwanira ndi dzuwa lokwanira zimagwira ntchito yomweyo popanda kudwalitsa mwana wa munthu. Nsomba youma bwino imakupatsa mphamvu yokana mtengo woipa, chifukwa wogula akachoka iwe sukhala ndi mantha a mawa.

Ulendo wa ku Lilongwe nawonso ndinauchepetsa. Tinagwirizana amayi angapo kuti katundu wathu azikwera galimoto imodzi, aliyense atalemba chizindikiro pa thumba lake, ndipo mmodzi yekha ndiye aziperekeza. Akasitomala akale ndinkawaimbira foni: "Asisi, katundu wanyamuka, mukamuone kaye, ndalama mutumiza mukakhutira." Ankatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kale sindikanalola kuti thumba lichoke ndisanagwire ndalama m'manja. Koma anthu amene unawagulitsa nsomba yabwino kwa zaka zambiri sakuthawa chifukwa cha thumba limodzi, ndipo njira imeneyi ndikuigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Januwale 2021 ndiye anali mwezi woopsa. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo ngakhale amene ankati matendawa ndi a azungu ndi a mabwana anayamba kuvala masiki. Misika inkatsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo ikakwana 9 koloko usiku munthu sankaloledwa kuyenda. Kwa wogulitsa ndiwo, madzulo ndiye nthawi ya malonda, pamene anthu akuweruka ku ntchito. Akasitomala anga anayamba kuitanitsa theka la zimene ankatenga. Thandizo la K35,000 pa mwezi limene boma linakonza linali la m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Ife a kunyanja chotidalira chinali banki mkhonde. Gulu lathu linasintha malamulo: tinkakumana panja, motalikirana, ndipo amene walephera kubweza pa tsiku lake tinkamuwonjezera nthawi popanda chindapusa. Mutu umodzi susenza denga. Amene anathamangira kwa akatapila ambiri anagulitsa mathandala, ena malata a nyumba.

Tisanapume n'komwe kunabwera kolera, ndipo ameneyu sanatseke msewu, analowa pa dooko penipeni. Anayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa kumwera. Ife tinazolowera kuti kolera ndi wa nthawi ya dzinja, koma uyu anakwera ndi nyanja m'chilimwe, mvula isanagwe, n'kugwira madooko a ku Nkhata Bay ndi a kuno kwathu. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi pa umoyo wa dziko. Unafika m'maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Dziko lino linali lisanaonepo kolera wotere.

Amene amakhala pa dooko sadabwa kuti matendawa anatipeza bwanji. Usipa ukagwa pamalo, asodzi amabwera kuchokera kutali n'kumanga zisakasa pa mchenga, anthu mazanamazana pamalo opanda chimbudzi chokwanira. Chimbudzi chokumba pa mchenga chimagumuka mvula yoyamba. Ndiye nyanja yomweyo ndi posamba, pochapa, potsuka mbale, potunga madzi akumwa, ndipo kwa ena ndi podzithandizira. Msodzi amene ali pakati pa nyanja usiku wonse amamwa madzi omwewo. Ifenso okonza nsomba tinkatsukira usipa m'mphepete momwemo, mmene anachitira amayi athu ndi agogo athu.

Nkhani itamveka kumtunda kuti kunyanja kwagwa kolera, nsomba ya kunyanja inasanduka choopsa. M'matauni analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika, ndipo amayi a malesitilanti ang'onoang'ono amene ankagula kwa ine anatseka. Kasitomala wina wa zaka zambiri anandiuza pa foni mosabisa: "Mayi, musakhumudwe, koma anthu kuno akuopa." Sindinamutsutse, chifukwa manthawo anali ndi pochokera. Pa dooko lathu tinaika maliro a mnyamata amene m'mawa anakoka nawo chilimira, madzulo ake n'kutsirizika. Anaikidwa mofulumira ndi a zaumoyo, popanda kusambitsa thupi, popanda kuphika nsima pa siwa. Kwa ife, Asilamu ndi Akhristu omwe, maliro otere amapweteka kawiri.

Alangizi a zaumoyo ndi amene anandithandiza kumvetsa pamene pali vuto pa ntchito yanga. Kachilombo ka kolera kamafa ndi madzi owira, ndipo pouma sikakhalitsa. Choncho usipa wofutsa, wouma bwino, n'kukaphikidwanso kunyumba, si umene umapha. Choopsa ndi zimene zimachitika ukavuulidwa: manja osasamba, beseni lotsukidwa m'mphepete mwa nyanja, ntchentche, thandala lofupika limene ana ndi agalu amafikira. Pamenepo ndi pamene ndinakonza. Madzi otsukira nsomba ndi ziwiya ndinayamba kutunga pa mjigo, n'kuthiramo kolorini amene alangiziwo ankagawa, n'kudikira theka la ola ndisanawagwiritse ntchito. Mathandala ndinawakweza mpaka m'chiuno. Beseni la nsomba zaziwisi silikhudzanso zofutsa. Polowera pamalo anga pali ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo wosafuna kusamba m'manja amaima patali n'kuloza ndi chala chimene akufuna. M'kachikwama kanga simusowa mapaketi a Thanzi ORS, ndipo atsikana anga akudziwa kuti akasowa, m'lita imodzi ya madzi abwino amathiramo timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Katemera wakumwa atafika chakumapeto kwa 2022 tinakalandira tonse tsiku limodzi, ine patsogolo, chifukwa mphekesera zinali zambiri.

Ukhondo umenewu si waulere, ndipo pamenepa anthu a m'maofesi sakonda kuimapo. Madzi a m'nyanja ali pakhomo, a pa mjigo amafuna munthu wotunga, ndipo munthuyo amafuna malipiro. Sopo, ndowa ndi mitengo yokwezera mathandala zonse ndi ndalama. Chaka chomwecho, mu Meyi 2022, kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mchere ndi mafuta zinakwera, ndipo petulo ankasowa mpaka maboti a injini kugona pa mchenga. Nkhuni nazo ndi zogula ndipo zimachokera kutali, pakuti nkhalango ya Nkhotakota ndi yotetezedwa ndipo inatchingidwa ndi waya African Parks itayamba kuyang'anira mu 2015. Zonsezi zinkatuluka m'phindu lomwe linali litachepa kale. Mtsikana mmodzi ndinamuuza kuti azibwera masiku a nsomba zambiri okha. Kunyumba tinabwerera pa kondowole ndi chigwada, mpunga n'kukhala wa alendo. Koma mpamba sindinaukhudze. Ndalama ya bizinesi ili ndi kachitini kake, ya pakhomo ili ndi kake, ndipo ngakhale mwana alire chotani sizisakanizidwa. Wodya mpamba nthawi ya mliri, mliriwo ukatha amapeza kuti alibe choyambira.

Chinabweza akasitomala si mawu okoma. Ndinkajambula pa foni mmene tikutsukira, mmene tikufutsira ndi mmene mathandala alili, n'kuwatumizira pa WhatsApp. Ena anabwera okha kudzaona. Kampeni ya Tithetse Kolera itakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023, ndipo odwala atayamba kuchepa m'miyezi yotsatira, amene anabwerera koyamba ndi aja anaona ndi maso awo. Anabweretsanso anzawo.

Chimene sindingathe ndekha ndi dooko lenilenilo. Ndingatsuke beseni langa kakhumi, koma ngati anthu a m'zisakasa alibe kolowera, ntchentche yawo itera pa usipa wanga. Nkhaniyi tinaitengera ku komiti ya pa dooko ndi kwa amfumu. Ndinaima pamaso pa eni zilimira n'kunena kuti: "Mabwana, nsomba ndi zanu, koma wokazigulitsa kumtunda ndine. Dooko likatchuka ndi kolera, inu ndi ine tigona ndi njala limodzi." Tinagwirizana kuti mwini chilimira aliyense wobwera kudzamanga msasa ayambe wakumba chimbudzi cha alovi ake, cholimbitsa m'kati ndi migolo kapena nsungwi zoluka kuti mchenga usagumuke, ndiponso kuti pa ndalama zimene komiti imatolera pazipatulidwa ya kolorini ndi yokonzera mjigo. Lamuloli limagwira bwino anthu akakhala ndi mantha, mantha akatha limafooka. N'chifukwa chake chaka chilichonse mvula ikamayandikira, amayi okonza nsomba timapitanso kwa amfumu kukalikumbutsa, ndipo mwini chilimira amene alovi ake alibe chimbudzi, usipa wake sitimugula.