Kuseri kwa mpanda wa gofu: nkhani yonse ili pamfundo ya dzanja

Ukachoka mumsika waukulu wa Lilongwe n'kutsetsereka kuwoloka mlatho, kusiya oitanira minibasi ndi fumbi la kwa Tsoka kumbuyo, suyenda mtunda wautali usanafike ku Area 3 komwe kuli bwalo la Lilongwe Golf Club. Mtsinje wake ndi womwe uja mavenda amawoloka pa timilatho tamitengo tolipira, koma kunoko ndi dziko lina. Kapinga wometedwa ngati mutu wa mwana wa sukulu, mitengo ikuluikulu ya mthunzi, ndi bata loti njiwa ikalira umaimva bwinobwino.

Ambiri a ife malowa timangowaonera patali n'kumati n'za anamadyabwino. Pena sitinama. Bwaloli linayamba nthawi ya atsamunda, Lilongwe akadali kaboma chabe, likulu lili ku Zomba. Likulu litasamukira kuno m'chaka cha 1975, mzinda unakula n'kulizungulira bwalolo, koma ilo lidakali phee ndi kapinga wake. Lili ndi maenje 18, pomwe mabwalo ambiri m'dziko muno ali ndi 9 okha. Nambala ya 18 imeneyi inachokera ku St Andrews, ku Scotland, komwe anaikhazikitsa m'chaka cha 1764.

Kwa inu amene simunaonepo, masewerawa ndi otere. Pali kampira koyera, kolimba ngati mwala, kosapitirira magalamu 46 kulemera kwake. Umakamenya ndi ndodo mpaka kakalowe m'kadzenje ka masentimita osakwana 11 m'mimba mwake, kamene kali kutali mamita mazanamazana. Womenya kochepa ndiye wapambana. Malamulo amalola ndodo 14 basi m'chikwama, ndipo chikwamacho n'cholemera moti osewera ambiri amalemba mnyamata woti aziwanyamulira. Anyamata amenewa amatchedwa makadi.

Ine ndinapitako Loweruka lina m'mamawa, mame asanaume, ndipo amene anandiyendetsa ndi mmodzi mwa makadiwa. Ndi anzathu omwewa, okhala m'makomboni momwe timakhalamu. Ganyu ikapezeka kunyumba mphika utereka, ikasowa abwerera chimanjamanja, ngati momwe zimakhalira pabenchi tsiku la mvula. Ndipo kadi wongonyamula chikwama amasiyana ndi kadi wodziwa kuona cholakwika pa kamenyedwe ka bwana wake. Wachiwiriyu ndi amene amachita kumuitanitsa ndi dzina sabata yotsatira.

Nanga amaona chiyani?

Tinaima pamthunzi n'kumaonerera bambo wina wa thupi lake, nsapato zoyera, chipewa chatsopano, ndodo zonyezimira. Anakoka ndodo ndi mphamvu zake zonse, koma chimene chinauluka ndi chibuma cha kapinga, kampira n'kungogudubuka mapazi owerengeka. Kachiwiri anakapsepseza pamutu, iko n'kuthamanga pansi ngati khoswe kukalowa m'thengo. Mnzanga uja sanayang'ane nkhope ya bamboyo kapena komwe kampira kalowera. Maso ake anali pa dzanja lamanzere, apo timavala wotchi.

Anandifotokozera kuti vuto la bamboyo n'kufuna kukathandiza kampira kuuluka. Ndodo ikamafika pansi, iwo amapinda mfundo ya dzanja ngati mayi akuomola nsima ndi chipande, kuti akatukule m'mwamba. Ukatero mutu wa ndodo umapitirira manja, ndipo malo otsikitsitsa a ndodoyo amakhala kumbuyo kwa mpira. Mapeto ake ndi awiri: kapena ukumba dothi usanaufike mpira, kapena ndodo iupeza ikukwera kale n'kuumenya pamutu. Zonse ziwiri zimene tinaona zija ndi matenda amodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kampirako sikafuna thandizo. Nkhope ya ndodo iliyonse anaipanga yopendekera kumbuyo. Ndodo yachitsulo ya nambala 7 imapendekeka madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kupendekeka kumeneko n'komwe kumaulutsa mpira. Ntchito ya munthu n'kumenya chotsitsa, mpira kaye, kapinga pambuyo. N'chifukwa chake akatswiri akamenya, kachibuma kamachoka kutsogolo kwa pomwe panali mpira, osati kumbuyo.

Tsono mvetserani bwino, poti apa ndiye pagona nkhani. Tikunena za munthu wogwiritsa dzanja lamanja, amene amaima phewa lamanzere litaloza komwe mpira ukupita. Amanzere mungotembenuza. Panthawi imene ndodo ikukhudza mpira, thupi liyenera kukhala chonchi.

Mkono wamanzere ukhale woongoka, ndipo iwo ndi mpini wa ndodo zikhale ngati chinthu chimodzi, kuchokera paphewa mpaka pansi. Manja akhale patsogolo pang'ono pa mpira, moyang'anana ndi ntchafu yamanzere, mpini utapendekera komwe mpira ukupita. Mfundo ya dzanja lamanzere ikhale yathyathyathya, yosapindikira kumbuyo, kuseri kwa dzanjalo kutayang'ana komwe ukufuna mpira upite. Dzanja lamanja lokha ndilo limakhala lopindikira kumbuyo, ngati ukukankha chitseko ndi chikhatho, chigongono chake chili chopinda pang'ono pafupi ndi chiuno. Mikono yonse iwiri imadzaongoka mpira utachoka kale.

Mfundo yamanzere ija imachita ngati chiwongolero. Ikapindikira kumbuyo, nkhope ya ndodo imatseguka, mpira n'kukhotera kumanja, kumitengo kapena kumadzi. Ikakhala yathyathyathya, nkhope imafika italunjika, mpira n'kupita chindunji. Ndipo kampira kamodzi katsopano si kotchipa, abale. Kakasowa, womenyayo wataya ndalama, walandira chilango chowonjezera kamenyedwe kamodzi, ndipo kawirikawiri amene amayang'anidwa ndi diso lofiira ndi kadi, ati bwanji sunaone pomwe kagwera.

Koma manja sangafike patsogolo paokha. Kulemera kwa thupi kuyenera kusamukira kumwendo wamanzere ndodo isanafike pansi, chiuno chitayamba kale kutembenukira kutsogolo. Munthu akatsalira pamwendo wakumbuyo, thupi limaima, ndipo manja amakakamizika kuomola nsima ija. Choncho kulamula dzanja lokha kuti lisapinde, miyendo ili chiimire, n'kungodzivuta.

Ndodo yaitali yoyambira ija yokha, imene mpira wake amauika pa kachikhomo, ndiyo yosiyana pang'ono. Mpira umakhala cha kuphazi lamanzere ndipo umamenyedwa ndodo ikuyenda mopingasa kapena itayamba kukwera pang'ono. Komabe ngakhale pamenepo mfundo yamanzere siyenera kuthyoka.

Zonsezi zimachitika mwachangu choti diso silingaone. Ndodo ndi mpira zimakhudzana kwa nthawi yokwana pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Munthu amayenda maola anayi padzuwa kuzungulira maenje 18, koma ukaphatikiza nthawi yonse imene ndodo yake yakhudza mpira, siikwana ngakhale sekondi imodzi. Kuvala bwino konse kuja, kugula ndodo zodula konse kuja, mlandu wake umaweruzidwa m'kanthawi kameneko.

Nditamva zimenezi ndinaona kuti si zachilendo kwenikweni kwa ife. Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti nkhwangwa suiponya ndi mfundo ya dzanja uli m'mwamba. Manja amatsogola, mutu wa nkhwangwa umatsalira, n'kudzafika pomaliza ndi ukali wake wonse. Wotchetcha udzu ndi chikwakwa amadziwanso chimodzimodzi: ukafulumira kugwedeza dzanja, chikwakwa chimakumba dothi ndipo madzulo ake mkono umatupa. Mwina n'chifukwa chake anyamata amene anakulira pa mpini sachedwa kugwira masewerawa.

Mbiri ya gofu ikuchitira umboni. Ben Hogan wa ku America anayamba ngati kadi ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas, ali ndi zaka 11. Anadzapambana mipikisano 9 mwa ikuluikulu ija ya padziko lonse, ngakhale kuti mu 1949 galimoto yake inawombana ndi basi, iye n'kutsala pang'ono kufa. M'buku lake la mu 1957 lotchedwa Five Lessons, anatsindika kwambiri za mfundo ya dzanja lamanzere yomweyi, kuti pomenya izitsogola, isamagonje.

Ku South Africa kunali Papwa Sewgolum, kadi wosauka wa ku Durban, wa makolo ochokera ku India. Iyeyu ankagwira ndodo mozondoka, dzanja lamanzere pansi, lamanja pamwamba, kagwiridwe koti mphunzitsi aliyense angakukalipire. Koma anapambana mpikisano wa Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, ndipo mu 1965 anagonjetsa Gary Player weniweniyo pa Natal Open. Dziko lonse linaona chithunzi chake akulandirira chikho panja, mvula ikugwa, poti malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Nkhani ya Papwa ikutiuza kuti kagwiridwe ndi kakokedwe ka ndodo kakhoza kusiyana munthu ndi munthu, koma pofika pa mpira akatswiri amakumana pamodzi: manja patsogolo, nkhope ya ndodo yolunjika.

Kwa aneba athu nakonso ziliko. Nick Price wa ku Zimbabwe anali nambala wani padziko lonse mu 1994. Lewis Chitengwa, wa ku Zimbabwe komweko, anapambana Tiger Woods pampikisano wa achinyamata ku America mu 1992. Ndipo mu 2006 mnyamata wa ku Zambia, wa dzina lathulathu, Madalitso Muthiya, anasewera nawo U.S. Open, mpikisano umene ngakhale kungolowamo kokha ndi nkhondo.

Nanga munthu wopanda ndalama angaphunzire bwanji? Apa mnzanga uja anandionetsa njira zingapo, ndipo palibe imene imafuna kapinga wometa.

Yoyamba ndi ya thumba. Tengani thumba la feteleza, mulidzaze ndi nsanza, zotsalira za belo la kaunjika zosagulika zija. Muliike pomwe pakanakhala mpira, n'kulimenya pang'onopang'ono ndi ndodo yakale kapena mpini, kenaka muime pomwepo osasuntha. Yang'anani manja anu. Kodi ali patsogolo pa mutu wa ndodo? Kodi mfundo yamanzere ili yathyathyathya? Kodi kulemera kuli kumwendo wamanzere? Musagwiritse tayala kapena chitsa, chifukwa chinthu cholimba chimavulaza mfundo ndi chigongono, ndipo dzanja lomwelo ndi limene mawa liyenera kunyamula katundu.

Yachiwiri ndi ya mzere. Jambulani mzere pamchenga kapena padothi lofewa, muime mzerewo uli pakati pa mapazi anu. Menyani pansi popanda mpira, n'kuona pomwe ndodo yakanda. Ikakanda kumbuyo kwa mzere, mukuomolabe nsima. Ikakanda pamzere n'kupitirira kutsogolo, mwayamba kukhoza. Dothi silinama, ndipo silifuna malipiro.

Yachitatu ndi ya chipeso. Lowetsani chipeso chathyathyathya pansi pa lamba wa wotchi, chigone kuseri kwa dzanja lamanzere. Mukapinda mfundo pomenya, chipesocho chikubayani, n'kukuuzani chokha kuti mwalakwitsa.

Pa zonsezi, yambani ndi kukoka ndodo theka chabe, manja kufika m'chiuno uku ndi uku, musanayese kumenya kwamphamvu. Ndipo ndodo musaifinye ngati mukugwira wakuba. Igwireni monga mugwirira tomato wakupsa pomusankhira kasitomala: asagwe, komanso asaphwanyike. Dzanja louma gwa limachedwetsa ndodo.

Dzuwa litakwera tinatsikira cha kumunsi kwa bwalo. Kumeneko phokoso la tauni limamveka chapatali, malole ndi mahutala a minibasi. Nthawi ndi nthawi wina amakuwa kuti "Fore!", lomwe ndi chenjezo la pagofu loti bisa mutu, kampira kasokera. Mukadzapitako mukalimva, musayang'ane m'mwamba, phimbani mutu basi. Kampira kameneka kakhoza kukugonekani kuchipatala.

Kadi wina wamng'ono, poyembekeza ganyu, anatola ndodo yakale yothothoka mphira pogwirira. Anali atavala patapata. Anakoka mosavutikira, ngati sakufuna, ndipo panamveka kuti thwa, kampira n'kunyamuka chotsika kaye, kenaka kukwera, kukagwa kutali pakati penipeni. Kachibuma kanagwa kutsogolo kwake. Anakatola n'kukabwezera pamalo pake, n'kupondapo, monga mwambo wa masewerawa umafunira.

Sindikunena kuti musiye geni mukagule ndodo 14, ayi. Gofu ndi yodula ndithu, ndipo ambiri mwa anyamata amenewa adzakalamba akunyamula zikwama za ena. Koma ngati muli ndi mwana kapena mphwanu amene amazemba pabenchi kukazungulira ku bwalo la gofu, kaya kuno ku Lilongwe, kaya ku Limbe, ku Zomba kapena ku Mzuzu, musafulumire kumutchula mlesi. Mufunseni akuonetseni momwe dzanja lamanzere limakhalira pomenya. Akakuonetsani lathyathyathya, manja ali patsogolo, dziwani kuti kumeneko sakungotola timipira, akuphunzira ntchito. Mupatseni thumba ndi nsanza zija, aziyeserera madzulo mukatseka.