Kuphunzira Kusunga Ndalama za Eni

Amai anzanga, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, mukaloŵa m'sitolo yaikulu kukagula shuga, sopo kapena mafuta ophikira, maso anu amathera pa mashelefu ndi pa mtsikana wolandira ndalama. Sindikhulupirira kuti mudayamba mwasuzumirako kuseri, kupitirira pamene amaunjika matumba a mchere, kumene kuli kachipinda kopanda zenera, ka chitseko chachitsulo. Ife ogwira ntchito timangoti "kukeshi." Ndalama iliyonse imene mwapereka masana imakagona m'menemo usiku, itaŵerengedwa ndi kulembedwa. Ine ndidagwira ntchito zaka 6 m'sitolo ina pano pa Boma la Mchinji ndisanapondemo phazi. Ndafuna kukusimbirani m'mene ndidaloŵera ndi zimene ndidapezamo, popeza ambiri a inu muli ndi ana aakazi m'masitolo, ndipo ena ndinu asungichuma a banki m'khonde kapena a magulu a amai kumpingo.

Ndidalembedwa ntchito m'chaka cha 2017 monga wosesa ndi woika katundu m'mashelefu. Sukulu ndidalekezera Fomu 3, chaka chimene mtedza wa bambo anga udakana, fizi nkusoŵa. Patapita zaka ziŵiri adandiika patilu, ndipo ndidayesa kuti ndafika. Koma patilu mpamene ndidadziŵira mau aja oti "shoti." Kaŵiri konse adandidula malipiro ponena kuti ndalama za m'kabati yanga sizidakwane, ndipo kaŵiri konseko ndidasayina pepala limene sindidamvetse. Ine sindidabe. Komanso sindikadatha kuonetsa munthu aliyense kuti sindidabe, chifukwa masamu ake ankachitikira kuseri kwa chitseko chija. Ichi nchimene chidandiŵaŵa koposa ndalama zodulidwazo, ndipo mpamene padabadwira maganizo oti ndiphunzire ntchito ya kukeshi.

Kupempha kwake kudanditengera nthaŵi yaitali, ndipo cholakwa china chidali changa. Ulendo woyamba ndidalankhula moseka, a manijala akudutsa, iwo nkuyankhanso moseka kuti, "Mai, kumeneko nkwa anthu a masamu." Ulendo wachiŵiri ndidatuma mnzanga wina wamkulu pantchito kuti akandinenere, koma mau adafera m'njira. Ife akazi tidaleredwa kuti chinthu ukachifuna uzichizungulira, ndipo khalidwe limeneli nlabwino pakhomo pa apongozi. Kuntchito bwana amangoyesa kuti ukucheza.

Mwai udadza kumapeto kwa chaka cha 2023. Mu Novembala chaka chimenecho kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu nkukwera. Katundu yemwe uja adayamba kubweretsa mulu waukulu wa mapepala a ndalama, ngakhale kuti K5,000 idali itatuluka kale mu 2022, kotero kuti mai amene ankagwira kukeshi yekha ankaŵeruka mdima utagwa ndithu. Apo ndidatenga pepala ndi kulemba kalata ndi dzanja langa. Sindidapemphe kukwezedwa. Ndidapempha zinthu zoŵerengeka: kuti andilole kukhala pambali pa maiwo madzulo aŵiri pa sabata, kwa miyezi itatu, popanda kuwonjeza malipiro, ndipo kuti miyeziyo ikatha andiyese. Pempho lotere nlovuta kuliseka, chifukwa limafuna yankho loti inde kapena ai. Patatha masabata aŵiri adandiitana nkuti ndiyambe mu Januwale.

Amene adavuta adali bambo a kunyumba. Usiku umene ndidaŵauza adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adati, "Mai, ndalama za eni zimamangitsa. Patilu akakudulani mumabwera kunyumba. Kumeneko zikasoŵa mukagona kupolisi." Musaŵaweruze msanga, amai anzanga. Mantha ao sadali opanda pake, ndipo inenso ndidali nao. Ndidangoŵayankha kuti ndalama za enizo ndakhala ndikuzigwira zaka 4 ndili m'chimbulimbuli, ndipo kuli bwino ndizigwire ndikupenya. Sadavomere, komanso sadakane.

Mphunzitsi wanga adali mai wachikulire, wosachulutsa mau, amene adayamba ntchitoyi masiku amene tambala inkagula kanthu. Sabata yoyamba sadandilole kukhudza ndalama. Chikwama ndi foni ndinkasiya kunja, ine nkukhala phee pampando kuyang'ana manja ao. Ndidaona kuti m'maŵa aliyense wa patilu amapatsidwa ndalama zoyambira zobwezera chenji, zimene timati fuloti, ndipo amaziŵerenga pamaso pa wa kukeshi, aŵiriwo nkusayina. Masana ndalama zikachuluka m'kabati, zina zimatengedwa kukatsekeredwa m'bokosi lachitsulo, ndipo apanso pamakhala kusayinirana. Madzulo makina a patilu amatulutsa pepala lalitali lonena zonse zimene zagulitsidwa: zolipiridwa ndi ndalama m'manja, za pa Airtel Money, za pa Mpamba, ndi za pa khadi la kubanki. Ntchito yonse ya kukeshi yagona pa chinthu chimodzi, kuti zimene pepalalo likunena ndi zimene zili patebulo zigwirizane.

Poŵerenga umayamba wachotsa fuloti. Kenaka umasanja ndalama mwa mitundu yake, ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha, mpaka ma K20 ofooka aja onunkha usipa, nkhope zonse zitapenya kumwamba, ndi kumanga mapepala 100 pa mtolo umodzi ndi kamphira. Uŵerenga iwe, aŵerenganso mnzako. Pomaliza umalemba pepala loperekera ndalama kubanki, ndipo limene banki yadinda limabwerera kudzasungidwa pamodzi ndi mapepala a tsikulo. Posanja ma K200 mpamene ndidayang'anitsitsa koyamba nkhope ya mai Rose Chibambo, amene adatsogolera amai pomenyera ufulu wa dziko lino ndipo adaikidwa pa ndalama mu 2012. Zaka zonse ndili patilu ndinkangopatsira anthu nkhope imeneyi osaipenya.

Tsiku loyamba kuŵerenga ndekha ndidapeza kuti kabati ina idapitirira ndi K3,000. Ndidamwetulira, poganiza kuti kupitirira ndi mwai. Mai aja adandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Mwana wanga, zimenezo si zathu. Pali mai wina amene wakwera njinga kubwerera ku Mkanda kapena ku Kapiri ndi chenji chosakwana, ndipo akafika kunyumba amuna ake amufunsa." Choncho ndalama zopitirira nazonso zimalembedwa monga cholakwa, chimodzimodzi shoti. Nchifukwa chake ndikupemphani, inu amene mumabwera ku Boma mutagulitsa mtedza kapena soya, kuti muziŵerenga chenji chanu musanachoke patilu, ndipo lisiti muzitenga. Musachite manyazi ndi anthu a pamzere. Mukabwera maŵa ndi lisiti m'manja, wa kukeshi angathe kutsegula buku ndi kupeza ndalama zanu. Mukabwera ndi pakamwa pokha, ngakhale atakumverani chisoni, alibe pogwira.

Pano pa Mchinji tili ndi yesero lina limene anzathu a ku Dowa kapena ku Ntchisi salidziŵa kwenikweni. Malire a Mwami ali pafupifupi makilomita 12 kuchokera pa Boma, ndipo anthu a ku Chipata ndi abale athu, chilankhulo nchimodzi, maukwati ndi maliro timayenderana. Ndalama zao nazonso dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu yake njosiyana kutalitali ndi yathu, makamaka chichotsereni iwo maziro atatu pa ndalama zao mu 2013. Lamulo la m'sitolo mwathu nlakuti ndalama za ku Zambia sitilandira. Mwini wake akasinthe kaye. Tsono mtsikana wa patilu amayesedwa motere: alandire za ku Zambiazo nkuika m'thumba mwake, m'kabati aikemo zake za ku Malaŵi, kuti akasinthe yekha pambuyo pake ndi kupezapo kaphindu. Madzulo kabati imakwana bwinobwino. Koma mphunzitsi wanga ankati tsiku limene ndalama zako zasakanikirana ndi za sitolo, ngakhale masamu akwane, chitetezo chako chatha, chifukwa zikadzasoŵa palibe amene adzakhulupirire kuti dzanja lako limangoloŵa m'kabati pa zifukwa zabwino zokhazokha.

Mau ameneŵa ndidaŵamvetsa bwino mu Juni 2024, nyengo imene alimi ali ndi ndalama ndipo sitolo imadzaza kuyambira m'maŵa. Mai aja adapita kumaliro kwao, ndipo a manijala adandisiyira kukeshi kwa masiku atatu. Pa atsikana a patilu padali mlamu wanga, mlongo wao wa bambo a kunyumba, amene ndidamupezera ntchito ine ndemwe. Madzulo a tsiku lachiŵiri kabati yake idapereŵera ndi K27,000. Tidaŵerenga katatu. Tidayang'ana pansi pa kabati ndi m'zinyalala. Kenaka adatseka chitseko, nagwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, musalembe. Tengani pa fuloti ya maŵa mukwaniritse. Loŵeruka ndilandira za chipereganyu, ndidzabweza zonse, palibe adzadziŵe."

Amai anzanga, musaganize kuti ndidayankha msanga. Ndidakumbukira m'mene mtsikanayu adandisamalira ndili m'chikuta, m'mene ankanditungira madzi ndi kundiphikira phala. Ndidadziŵanso kuti akadulidwa malipiro, nkhani ikafika kwa apongozi ine ndisanafike kunyumba. Cholembera chidali m'manja, ndipo kulemba nambala ina m'malo mwa inzake nkosavuta. Koma pansi pa pepalalo pankayenera kukhala dzina langa. Ndidamudzutsa nkumuuza kuti, "Mlamu, ndilemba zimene tapeza, ndipo ndilembanso kuti taŵerenga katatu pamodzi ndi kuti ndikupempha kuti zifufuzidwe. Kuposa apo sindingathe." Adasayina osandiyang'ana.

Kunyumba nsima idadyedwa mwakachetechete. M'maŵa mwake apongozi adabwera kudzapempha moto umene sankausoŵa, nanena ali chiimire kuti chibale ndi fupa, sichiola, koma anthu ena ntchito yaŵaloŵa m'mutu. Ndidaŵapatsa mpando, osayankha kanthu.

Tsiku lomwelo, poyerekeza mapepala a dzulo lake ndi mauthenga a pafoni ya sitolo, ndidapeza K20,000 imene idaloŵa pa Mpamba koma yosaoneka pa pepala la makina. Netiweki idali itavuta madzulo aja, ndipo uthenga udafika usiku titatseka. Munthu wina adalipira pafoni, koma mlamu wanga, m'piringupiringu wa anthu, adadina batani la ndalama za m'manja. Choncho makina ankafuna m'kabati ndalama zimene sizidaloŵemo nkomwe. Ndikadatseka dzenje lija ndi fuloti, K20,000 imeneyi ikadatulukira yopanda mwini, pepala labodza lili ndi dzina langa, ndipo mlamu wanga akadabweza ndalama za chipereganyu pa ngongole imene sadatenge. K7,000 yotsalayo sidapezeke. Mwina adabweza chenji chopitirira, mwina china chake. Adamudula pa malipiro a mwezi umenewo.

Inu a banki m'khonde mukudziŵa kale zimenezi, ngakhale simuzitchula ndi maina a m'sitolo. Bokosi lija la maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana, ndalama nkumaŵerengedwa pamaso pa gulu lonse, silitanthauza kuti msungichuma ndi wakuba. Limamuteteza iye amene kuti tsiku la kugaŵana asadzaloze zala ndi anthu. Mnzanu akadzabwera usiku kuti mumubwereke za m'bokosi mwakachetechete, adzabweza msonkhano usanafike, mudzakumbukire mlamu wanga atagwada kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Mpando wa kukeshi sindidaupatsidwe wonse. Ndimagwirako masiku atatu pa sabata, masiku enawo ndimabwerera patilu, ndipo pa malipiro adawonjezapo pang'ono. A manijala adandiuza poyera kuti popanda satifiketi ya MSCE sangandilembe m'buku monga wa kukeshi, ndipo mayeso a zoŵerengera ndalama a bungwe la ICAM nawonso amafuna satifiketi yomweyo. Tsono ndidalembetsa sukulu ya masana, ndipo masamu amandithandiza mwana wanga woyamba, amene amaseka akaona amake akulimbana ndi ma x ndi ma y. Bambo a kunyumba sadanenepo kuti adasintha maganizo, koma masiku amene ndimaŵeruka mochedwa ndimaŵapeza panja pa sitolo atatsamira njinga. Mlamu wanga akadali patilu, ndipo shoti sadachitenso. Timapatsana moni tsiku lililonse, koma chichitikireni zija sadadyepo nsima pakhomo panga.