Za Kuomba Ng'oma Pamodzi

Abale anga owerenga kalata uyu, ndifuna kukamba nanu za chinthu chimene ndinachida zaka zambiri za moyo wanga, ndipo ndichita manyazi pang'ono pochiyamikira tsopano pamaso panu. Chinthucho ndicho ng'oma.

Ine ndinakulira m'nyumba ya Chikristu. Atate anali mkulu wa mpingo, munthu woongoka ndi wosachuluka mau. Ndipo usiku wa mwezi, ng'oma zikayamba kulira kutsidya kwa dambo, iwo ankatseka chitseko, natiuza ife ana kuti tigone. Sanali kukalipa ai, koma tonse tinadziwa kuti kulirako kunali kwa anthu akunja. Chotero m'mutu mwanga ng'oma inakhala malo amodzi ndi zinyau, ndi mowa, ndi ndeu zimene zitsata mowa. Sindiwatsutsa atate, pakuti iwo anaona ndi maso ao anyamata alikuthawa sukulu kunka kudambwe, ndi mabanja alikupasuka pa bwalo la mowa. Nditatsiriza maphunziro a uphunzitsi ndi kupatsidwa kalasi langa, ndinayenda m'mapazi ao. Ndikumbuka tsiku lina ndinakwapula mnyamata wamng'ono chifukwa anali kugogoda desiki ndi zala zake monga aombera ng'oma ya chimtali. Ndipo usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, poyesa kuti ndagwira nchito ya Mulungu.

Zaka zitatu zapitazo mkazi wanga anatisiya. Masiku a maliro anthu anadzaza pakhomo, ndipo sindinasowe wonditonthoza; koma utatha mwezi onse anabwerera ku minda yao, monga kuyenera, ndipo ine ndinatsala ndi nyumba yopanda mau. Ana anga ndi akulu, ali kutali. Pamenepo ndinayamba kudwala nthenda imene sindinadziwe dzina lake. Tulo tinandithawa, nsima inasanduka dothi m'kamwa, makope a ana anaunjikana pa tebulo osachongedwa. Ku tchalitchi ndinali kupitabe, koma nyimbo ikatha ndinali kutulukira khomo la kumbuyo, kuti wina angandifunse za moyo. Kuchipatala anandiyesa malungo ndi kuthamanga kwa mwazi, napeza zonse ziri bwino. Ndipo amene anandiona anandifunsa funso limodzi lokha limene linandilasa, ndilo kuti, kodi ndiri ndi anthu ocheza nao? Ndinayankha kuti inde, ndiwo mpingo wonse. Koma pobwerera m'njira ndinawerenga pa zala, ndipo ndinapeza kuti pa sabata lathunthu sindinalankhule ndi munthu wamkulu koma kupatsana moni basi.

Masiku omwewo anyamata ndi asungwana a kwaya anadza kwa akulu a mpingo ndi pempho. Iwo anati, mipingo yambiri masiku ano iimba ndi ng'oma, koma ife tiomba mwachisawawa chifukwa palibe anatiphunzitsa. Tiloleni tiphunzire kwa nkhalamba ija yosema mitondo. Nkhalambayo ndiwo atsibweni anga, mlongo wao wa amai, amene pa unyamata wao anali katswiri wa ng'oma m'dera lonse lino, koma anazileka pamene anabatizidwa atakula kale. Akulu anakangana pa nkhaniyi masabata awiri. Potsiriza analola, koma ndi malamulo awa: aziphunzira Loweruka masana pansi pa mkuyu wa kuseri kwa sukulu, nyimbo za kudambwe zisamveke, dzuwa likapendeka aleke, ndipo pakhale munthu wokhulupirika woyang'anira. Ndipo anasankha ine, podziwa kuti mwa onse ndine wosakonda ng'oma.

Loweruka loyamba ndinatenga mpando ndi makope anga, ndi kukhala chapatali. Atsibweni anasonkha kamoto ka mapesi, nayamba kuwamba ng'oma imodzi imodzi, alikuzungulitsa chikopa pa moto ndi kugogoda ndi chala kufikira mau ake atakwera. Pa ina anamata phula pakati kuti mau ake alemere. Panali ng'oma ya mpanje yaitali, ya gunda ya mau akulu, ndi ya mbalule imene ilankhula pamwamba pa zinzake. Ndipo popeza sizinakwane onse, ena anagwira zigubu ndi zisekese. Anadza anthu oposa amene tinayembekeza: a kwaya, amai awiri amasiye, ndi bambo wina amene miyendo yake inafooka ndipo sapitanso kumunda. Atatha kukonza, atsibweni anandiyang'ana, nati, "Aphunzitsi, pa bwalo la ng'oma palibe mlonda. Gwirani iyi." Ndinati, "Atsibweni, ine ndadzera kuyang'anira." Iwo anati, "Muziyang'anira ndi manja." Ana anaseka, ndipo kukana mbale wa amai ako pamaso pa ana nkovuta, tsono ndinaika ng'oma pakati pa maondo anga, ine munthu wa imvi, nthawi yoyamba chibadwire.

Anandipatsa gawo lapafupi koposa onse, kuomba katatu ndi kupuma, katatu ndi kupuma, osasintha. Ndinayesa kuti ndi nchito ya mwana. Koma taonani, abale, chimene ndinapeza. Munthu wachisoni amvera mau a m'mtima mwake okha, usana ndi usiku, ndipo mauwo abwereza nkhani imodzimodzi: ndikadafulumira kunka naye kuchipatala, ndikadanena chakuti, ndikadaleka chakuti. Pa ng'oma mau amenewo alibe malo. Maganizo akangothawira ku dzulo, dzanja lichedwa, ndipo bwalo lonse limva kuti walakwa ndiwe. Kuti usunge gawo lako uyenera kutchera khutu kwa mnzako wa kudzanja lamanja, pakuti kuomba kwako kulowa m'mipata imene iye asiya, ndipo kwake kulowa m'mipata yako. Ndinalakwa kawirikawiri, thukuta linayenderera m'malaya, zikhato zinatupa. Koma panafika kanthawi pamene tonse tinagwirizana, ndipo sindinathenso kusiyanitsa kulira kwa ng'oma yanga ndi kwa anzanga. Usiku umenewo ndinagona osadzuka kufikira tambala wachiwiri, chinthu chimene sichinachitike miyezi yambiri.

Ndinalembera mwana wanga wamkazi, amene ali namwino m'tauni, kumuuza zimenezi mochita ngati nthabwala. Iye sanaseke, koma ananditumizira mapepala ofotokoza kuti anthu ophunzira a maiko ena anayesa kale chinthu chomwechi ndi miyeso yao.

Ku London kuli sukulu yaikulu ya zoimbaimba, dzina lake Royal College of Music. Kumeneko mai wina wophunzira, Daisy Fancourt, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa anthu 30 amene anali kulandira thandizo pa nthenda za maganizo, nawaphunzitsa kuomba ng'oma m'magulu, kamodzi pa sabata, mphindi 90, kufikira masabata 10. Anthuwo sanali akatswiri ai. Mphunzitsi anali kuomba, iwo nayankha, monga achitira atsibweni anga pansi pa mkuyu. Panalinso ena 15 amene sanaombe nao, kuti pakhale polinganiza. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'chaka cha 2016. Mwa oomba aja, chisoni chofooketsa munthu chinatsika ndi magawo 38 mwa 100, ndipo nkhawa inatsika ndi magawo 20 mwa 100. Mwa 15 aja kusintha kotere sikunaoneke. Itapita miyezi 3 anawayesanso, napeza kuti ubwinowo ulipobe. Anayesanso malovu ao, naona kuti zizindikiro za kutupa kobisika kwa m'kati mwa thupi zinasinthira ku mbali yabwino. Ng'oma zimene anaomba ndi za mtundu wa djembe, zochokera ku Mali ndi ku Guinea. Ndinakhala chete nthawi powerenga mau amenewo, poganizira kuti anthu a ku Ulaya asonkhana m'nyumba zao kuphunzira ng'oma ya ku Africa, pamene ine mwini ndinatha zaka ndirikuithamangitsa pa sukulu ndi ndodo.

Kuyesa kwina kumene kunandigwira mtima koposa kunachitika ndi Robin Dunbar wa ku Oxford ndi anzake, ndipo kunalembedwa m'chaka cha 2012. Njira imodzi imene anayesera inali kumanga munthu lamba wa pa mkono uja anamwino ayesera kuthamanga kwa mwazi, ndi kumthina kufikira atanena kuti zawawa. Anapeza kuti anthu amene angotha kumene kuimba, kuvina kapena kuomba ng'oma apirira ululu koposa, koma amene anangokhala ndi kumvera nyimbo sanasinthe motero. Iwo afotokoza kuti pogwira nchito yotere thupi litulutsa mankhwala ake a chibadwidwe, ochedwa endofini, amene aziziritsa ululu ndi kusangalatsa mtima. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake atsibweni anakana kuti ndikhale pa mpando chapatali. Ndikadakhala mlonda, ndikadabwerera kunyumba monga ndinadzera.

Koma ndine mphunzitsi, ndipo sindifuna kuti wina achoke pa tsamba lino ndi phunziro lopotoka. Anthu 30 ndi owerengeka, ndipo amene anadza ku makalasi a ku London anadza mwa kufuna kwao. Kapena munthu wofuna kuchira ayamba kale kuchira asanagwire ng'oma. Ndiponso palibe angathe kulekanitsa bwino gawo la ng'oma ndi gawo la kukhala pamodzi ndi anthu sabata ndi sabata. Ine ndiyesa kuti ziwirizo ndi mtolo umodzi, ndipo sindiona chifukwa choumasulira. Chimene ndinenetsa ndi ichi: ng'oma sichiza malungo, sichiza chifuwa chachikulu, ndipo siilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Mmodzi wa amai amasiye aja anandiuza mokondwa kuti mutu waleka kumuwawa, ndipo aganiza zoleka mapiritsi ake a kuthamanga kwa mwazi. Ndinati, "Mai, ng'oma muziomba Loweruka, mapiritsi muzimwa masiku onse," ndipo ndinapempha mwana wao kuti aziwakumbutsa. Munthu amene chisoni chamfikitsa poganiza zodzipweteka, abale amperekeze kuchipatala msanga, osadikira Loweruka.

Makolo athu sanali osadziwa zimenezi. Abale athu Atumbuka a kumpoto ali ndi gule wa vimbuza, amene aombera ng'oma munthu wovutika mumtima, achibale ndi anansi atamzinga ndi kuimba. Ndipo m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linauwerengera pamodzi ndi Gule Wamkulu pakati pa chuma cha mitundu yonse ya anthu. Iwo afotokoza nthendayo ndi mau a mizimu, ndipo pamenepo ine monga Mkristu ndisiyana nao. Koma chinthu chimodzi anachiona bwino, ndicho kuti wodwala mtima sasiyidwa yekha m'nyumba; mudzi umtulutsa, numuika pakati. Ndipo ife owerenga Buku Lopatulika tidziwa kuti pamene mfumu Sauli inasautsidwa, mnyamata Davide ndiye anaitonthoza ndi zeze, ndi kuti Miriamu anatsogolera akazi ndi lingaka atawoloka nyanja. Ndinaphunzitsa ana nkhani zimenezi zaka zambiri osazilingalira.

Si onse akondwera ndi bwalo lathu. Mkulu wina wa mpingo, bwenzi la atate, sanalekebe kundichenjeza kuti mwana amene wazolowera mbalule pansi pa mkuyu sadzaopa kuitsata kudambwe. Sindimpeputsa, pakuti ali ndi zaka zimene ine ndiribe, ndipo mau ake andichititsa kukhala maso. Ndinamuyankha kuti mtengo ndi chikopa sizisankha bwalo, asankha ndi munthu. Iye anapukusa mutu, ndipo tinasiyana mwamtendere, yense ndi maganizo ake. Koma ndaona kuti masiku ano akamapita kudimba Loweruka adzera njira ya kuseri kwa sukulu, imene iri yotalikirapo.

Bambo wa miyendo yofooka uja tsopano ndiye asunga gunda, ndipo adzukulu ake amnyamula pa njinga kudza naye. Amai amasiye anaitana anzao ena atatu. Ine makope ndichonga pa nthawi yake, ndipo pa tchalitchi nditulukira khomo la kutsogolo. Chisoni sichinathe, ndipo sindifuna kuti chithe chonse. Koma chaleka kundidya.

Mwezi wathawu kunadza munthu watsopano, bambo wa ana atatu amene wabwera kumene kuchokera ku nchito ku Johannesburg. Atsibweni atamva kuomba kwake pang'ono, anampatsa mbalule osanena kanthu. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, kufikira ndinamzindikira: ndiye mnyamata uja ndinamkwapula chifukwa cha desiki. Titaleka ndinamtengera pambali, ndi kuyamba kunena za tsiku lija, mau alikundikakamira pakhosi. Iye anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri, nati, "Aphunzitsi, zimenezo zinapita ndi mvula ya chaka chomwecho. Koma mundilole ndinene chimodzi." Ndinati anene. Anati, "Mufulumira pa kuomba kwachitatu. Muzidikira gunda."

Loweruka lapitali ndinadikira gunda, ndipo atsibweni sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.