Tinkayeza minda ndi mapazi

M'zaka za m'ma 1970, pamene ndinkayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'chigwa muno, munthu ukamufunsa kukula kwa munda wake sankatchula nambala. Ankakuuza kuti umayambira pa mlambe uja kukafika pachulu, n'kutsetsereka ndi khwawa mpaka pa nkhadze zimene anabzala amalume ake. Wina ankangoti, "Ndimaupalira mlungu wathunthu ndi ana anga." Ekala inabwera ndi thonje. Ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera inkaperekedwa potengera maekala, ndiye mlimi aliyense anayenera kukhala ndi nambala yoti anene, ndipo nambalayo tinkaipereka ndife alangizi.

Muyeso wathu woyamba unali phazi. Ukaponda 70 kulowera uku, 70 kulowera uko, imeneyo ndi ekala. Pamunda wa ngodya zinayi masamuwo ankayenda bwino, koma minda ya ku Golomoti ndi ku Mtakataka siidziwa ngodya. Imazungulira chulu, imathawa dambo, imapindika potsata mtsinje. Tinkaidula m'maganizo kukhala tizigawo, n'kuponda chilichonse pachokha, n'kuphatikiza. Mnzanga wina wamtali ankapeza maekala ochepa pamunda womwewo umene ine wamfupi ndapeza ambiri, moti alimi anazindikira msanga woti amuitane ikakhala nkhani ya ngongole. Nthawi ya dzinja zinkaipiratu, chifukwa dothi la makande limakakamira kunsapato mpaka phazi kulemera, ndipo munthu wotopa saponda mofanana ndi mmene anayambira m'mawa.

Pa kalembera wa zokolola, boma linkafuna muyeso weniweni, ndiye ankatipatsa tepi, kampasi ndi ndodo zopaka utoto wofiira ndi woyera. Ntchito imeneyi inali ya anthu atatu. Mmodzi aimike ndodo pangodya, wina akoke tepi, iwe uyang'ane mu kampasi n'kulemba madigiri ndi mamita m'kope. Mukatero ngodya ndi ngodya mpaka kubwerera pamene munayambira, madzulo unkakhala pa nyali ya koloboyi n'kujambula mundawo papepala. Mzere womaliza unayenera kukagwa pa dontho loyamba. Ukaphonya patali, mawa lake mubwererenso kumunda komweko, dzuwa la kunyanja likuwotcha pamutu. Minda yoyandikana ndi njanji, ija inafika ku Salima mu 1935 kudzera kuno, inkatizunza kwambiri, poti chitsulo chimakoka singano ya kampasi. Unkafunika kuima patali ndi njanjiyo, ngakhale njinga yako yomwe kuisiya poteropo.

Komabe zonsezi zinali za kukula kwa munda. Za malire sitinkazikhudza, zinali za mafumu. Ndinaonerera kangapo nyakwawa ikugawa malo, ndipo sinkapita yokha. Pankakhala nduna zake, mwinimbumba, eni minda ya mbali zonse, ndiponso ana. Poyamba ndinkayesa kuti anawo angotsatira chabe, koma gogo wina anandiuza kuti amawatenga dala: akuluakulu adzapita, amene adzakumbukire ndi awa. Gulu lonselo linkayenda pang'onopang'ono, wina akumanga mfundo pa udzu, wina akusema khungwa la mtengo ndi nkhwangwa, wina akukumba kadzenje ndi khasu. Mvula ikagwa, wolandira malo ankabzala nkhadze kapena khonje m'mzere womwewo. Pothokoza inkapita nkhuku. Pepala panalibe, koma mlandu ukabuka patapita zaka, pabwalo pankaimirira anthu khumi amene anayenda nawo tsiku lija.

Oyeza malo enieni, aja tinkawatcha masaveya, tinkawaona mwa apo ndi apo. Ankabwera pa nkhani ya msewu, njanji, malo a mishoni ya Mua kapena malire a nkhalango ya Mua-Livulezi, atanyamula makina a miyendo itatu, ndipo ankayambira pa zipilala za simenti zimene zinamangidwa pamwamba pa mapiri. Zipilala zina anthu anadzazigumula pambuyo pake, atamva mphekesera yoti azungu anakwiriramo chuma. Ku ofesi kwathu kunali mapu a boma ojambulidwa kuchokera ku zithunzi za ndege, pomwe sentimita imodzi inkaimira theka la kilomita. Ankaonetsa mitsinje, njanji, sukulu ndi timadontho ta midzi, koma munda wa munthu sunkaoneka. Tinkangomva kuti kumadzulo kwa Lilongwe, pansi pa chitukuko chimene chinayamba mu 1968, malo a mabanja akuyezedwa ndi kulembedwa m'kaundula, aja ankati a ndunda. Kuno kunsi kwa phiri ntchitoyo sinatsike.

Chigwa chino chili ndi vuto lake limene anthu a kumtunda ku Dedza salidziwa bwino. Malire athu amayenda. Livulezi, Namikokwe ndi Nadzipokwe zimatsika m'mapiri ndi liwiro, zikafika pathyathyathya zimataya mchenga n'kudzitsekera njira, kenaka n'kuboola kwina. Munthu amene malire ake anali mtsinje ankadzuka m'mawa n'kupeza dimba lake lili tsidya lina. Milandu yotereyi inkafika mpaka kwa Inkosi Kachindamoto, ndipo poweruza ankafunsa za mtengo wa bwemba kapena mgwalangwa umene unalipo madzi asanasinthe njira. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala 800, itamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri anaona koyamba minda yodulidwa mofanana ndi makina, ya manambala. Mkangano sunathe ndi manambalawo, chifukwa pansi pa mapuloti atsopano panali madimba akale amene eni ake ankawakumbukirabe.

Ka GPS koyamba ndinakaona nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Kanali kachikasu, kokwana m'dzanja, ndipo anyamata amene anabwera nako ankalemba mijigo. Ankaima pa mjigo, n'kudikira, n'kukopera manambala awiri aatali m'kope. Ntchito yolemba mijigo motere inayambira kwa anansi athu ku Salima cha m'ma 2002, ndi bungwe la WaterAid, ndipo inaonetsa poyera zimene amayi ankadziwa kale: midzi ina ya m'mbali mwa msewu ili ndi mijigo yoposa imodzi pomwe ya kutali ikumwa m'zitsime za mumchenga. Mwezi wa May 2000 usanafike, dziko la America, limene ndi mwini masetilaiti a GPS, linkasokoneza dala uthenga wa masetilaitiwo kwa anthu wamba, moti kachipangizo kankatha kuphonya ndi mamita mpaka 100. Atasiya kusokonezako m'pamene tizipangizoti tinayamba kuthandiza pa ntchito ngati zathu. Pa kalembera wa anthu wa 2018 owerenga anabwera ndi matabuleti, mapu a dera lawo ali momwemo, pomwe ife pa kalembera wa 1977 ndi 1987 tinkaona owerenga akufunsa njira kwa ana oweta mbuzi.

Chaka chathachi kalabu ya alimi ya m'mudzi mwathu inafuna kudziwa kukula kwa minda ya mamembala, ndipo kunabwera mtsikana wina mlangizi, msinkhu wa mdzukulu wanga. Anayamba wakaonekera kwa a gulupu, ndipo anachita bwino, chifukwa mlendo woyendayenda m'minda ndi zipangizo zachilendo angathe kuyesedwa namapopa. Atamva kuti ndinali mlangizi, anati, "Agogo, tiyeni mundiperekeze, muone mmene tikuchitira masiku ano." Ananyamula foni ndi ndodo yaitali kuposa munthu, pamwamba pake pali kachipangizo kozungulira ngati kambale kovundikira ndiwo. Kameneko n'kamene kamamva masetilaiti, ndipo kamalankhula ndi foni popanda waya, kudzera pa Bluetooth. Pa foni pankaoneka chithunzi cha mudzi wathu chojambulidwa kumwamba: denga la tchalitchi, mitengo ya mango, njira ya kumjigo, ndi kadontho kosonyeza pamene taima.

Ndinamufunsa ngati zimenezi sizimutha mayunitsi. Anaseka. Anati masetilaitiwo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo ntchito yawo ndi kungoulutsa nthawi ndi pamene ali. Kachipangizo kamamvetsera, n'kuwerengera kuti uthenga wa setilaiti iliyonse watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike. Kakamva anayi kapena kuposa, kamadziwa pamene kali. Kumvetserako n'kwaulere, ngakhale kumene kulibe netiweki. Bandulo imafunika potsitsa chithunzi chija, chimene iye anatsitsiratu ali kuofesi, ndi potumiza zimene wayeza. Anandionetsanso kanambala ka pakona kosonyeza kuti muyesowo ungaphonye ndi mamita angati. Ndi foni yokha, kankasewera pa 4 kapena 5. Atalumikiza cha pandodo chija kanatsika kwambiri. Titalowa pansi pa mango kanakweranso, ndipo iye anaima phee osadina kanthu mpaka katakhazikika. Pamenepo ndinamukhulupirira mwanayo. Woyeza wopupuluma ndi yemweyo, kaya wagwira tepi kaya foni.

Tinayamba ndi munda wa mayi wina wamasiye, woyandikana ndi wanga. Mayiyo patsogolo, mlangizi pambuyo, akuimika ndodo pangodya iliyonse n'kudina. Tisanatuluke n'thukuta lomwe, mundawo unali utajambulika pa foni, mzere utatsekeka wokha, nambala ili poteropo. Ntchito imene inkatidyera tsiku ndi usiku wake. Koma nambalayo sinawasangalatse mayi aja. Moyo wawo wonse ankadziwa kuti ali ndi maekala awiri, foni inati ekala imodzi ndi kachidutswa. "Mwanawe, ina yapita kuti?" anafunsa motero. Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, munda ndi womwewu, palibe wachotsapo." Anawayendetsanso kachiwiri, nambala inabwera yomweyo. A ofesi ya kalembera ku Zomba atayeza minda ndi GPS pa kafukufuku wa mabanja wa 2010 ndi 2011, zinapezeka kuti zotere n'zofala: a minda ing'onoing'ono amaikulitsa pakamwa, a minda ikuluikulu amaichepetsa. Kwa mlimi phindu lake lilipo, chifukwa feteleza ndi mankhwala a thonje amayezedwa pa ekala, ndipo waganyu wolima ndi ng'ombe amalipiritsanso pa ekala.

Chimene chinandikhalitsa chete ndi china. Tili pangodya ya kummawa, mayi aja anadutsa kunja kwa chitsa cha msangu, pomwe ine ndikudziwa kuti malire akale ankadutsa mkati. Sanachite dala, mwini munda wa mbali imeneyo ali ku Johannesburg ndipo udzu unamera pamzere. Foni sinafunse kanthu. Inalemba pamene ndodo inaima. Pa muyeso wa kalabu zimenezi zilibe vuto, ndi mizere iwiri ya chimanga. Koma chida chomwechi n'chimene chikugwira ntchito polembetsa malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndipo linayesedwa koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Kumeneko mzere wa pa foni umasanduka chikalata. Ndipo malo kuno ayamba kukhala ndi mtengo. Amene akukayika akaone pa Golomoti, pamene magalasi a magetsi a dzuwa a mamegawati 20 akugwira ntchito kuyambira 2022, kapena afunse mtengo wa puloti m'mbali mwa msewu wa M5.

Lamulolo linaika komiti ya malo m'dera la gulupu aliyense, a gulupu ali wapampando, ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi. Zimenezo n'zabwino, makamaka kuno kumene tasakanikirana. Achewa malo amayenda kuchikazi, mkamwini amalima munda wa kwa mkazi wake, pomwe mabanja ena a Chingoni amatsata kwa bambo. Foni ikafunsa dzina la mwini munda, amene amathamangira kuyankha nthawi zambiri ndi bambo amene wapezeka pakhomo, ngakhale ali mkamwini. Dzina likalowa molakwika, ana a mchemwali wa mkazi wake adzalimbana ndi pepala, osati ndi munthu woti angamukumbutse za nkhuku ija.

Ndinawauza a gulupu athu, monga munthu amene wayenda m'minda ya anthu zaka zambiri, kuti oyeza akadzabwera ndi nkhani ya zikalata asadzalole changu. Ayeze m'chilimwe, anthu atakolola, pamene zitsa ndi nkhadze zikuoneka. Lisakhale tsiku la msika kapena la maliro. Mwini munda wa mbali iliyonse akhalepo, ndipo amene ali kutali aimbiridwe foni kuti atume mbale wake. M'madimba a m'mbali mwa Livulezi agwirizane kaye ngati malire ndi madzi kapena ndi pamene ndodo yaima chaka chimenecho, chifukwa mtsinje udzasuntha koma manambala sadzasuntha. A gulupu anavomera zonse, n'kuwonjezera kuti adzauza aphunzitsi amasule ana a sitandade 7 ndi 8 tsiku limenelo kuti adzayende nawo.