Khirisimasi ya machona pa Renkini

Sabata ya Khirisimasi ikafika, pa Renkini, siteshoni ya mabasi a mtunda wautali mumzinda wa Bulawayo, pamasowa poponda. Mabasi a ku Tsholotsho, Nkayi, Lupane ndi Kezi amanyamuka atasenza ufa, shuga, mbewu ya chimanga ndi feteleza, poti ndi dzinja ndipo kumudzi makasu ali m'manja. Ambiri amauyamba ulendo pa 22 Disembala, tsiku lopuma lokumbukira mgwirizano wa 1987. Nawonso ma injiva, anthu ogwira ntchito ku South Africa, amakhala atatulukira ndi katundu wawo. Aliyense mawu ndi amodzi: akupita ekhaya, ndiye kuti kumudzi.

Pafupi ndi siteshoniyi pali Makokoba ndi Mzilikazi. M'makomboni amenewa muli ana ndi adzukulu a anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, ya m'mafakitale ndi ya m'migodi, kenaka n'kutchona. Adzukuluwo amalankhula Chindebele ngati eni nthaka, moti chaka chonse n'kovuta kuwasiyanitsa ndi anzawo. Khirisimasi ndiyo imaulula. Woyandikana naye nyumba akatseka chitseko, kiyi amaisiya kwa iwo, pakuti akudziwa kuti sapita kulikonse.

Kusowa mudzi kumeneku si nkhani ya chikondwerero chokha. Kawirikawiri obwera sankapatsidwa munda kwa mafumu, choncho kwawo kudali pantchito. Lamulo la 2001 lidachititsa kuti ambiri obadwa kwa makolo akunja ataye unzika, ndipo pamene nyumba zinkagwetsedwa m'mizinda mu 2005 pa Operation Murambatsvina, ouzidwa kuti abwerere kumudzi ena adalibe kolowera. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adawazindikira kuti ndi nzika, koma chitupa sichipatsa munthu dimba ngakhale manda a makolo. Alangizi amene amalemba mabanja ngati kuti aliyense ali ndi nkhokwe kumudzi amawaphonya anthu otere.

Bwanji osangopita ku Malawi? Kukafika ku Harare kokha ndi makilomita pafupifupi 440, kenaka Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, pasipoti ili m'manja. Ndipo wokafikayo mwina amangodziwa dzina la boma, Dedza kapena Nkhata Bay, limene agogo ankatchula.

Otsalawo sakhala chogwira tsaya. M'mawa wa pa 25 ena amakapemphera ku CCAP, kumene nyimbo za Chichewa zimamvekabe, masana n'kudya mpunga ndi nkhuku pamodzi ndi anzawo a bungwe lothandizana pa maliro. Mawa lake amakapalira chimanga m'timinda ta m'mphepete mwa misewu.

Chaka chatsopano chikalowa, mabasi aja amabwerera pa Renkini ali matope okhaokha, atanyamula nkhuku zamoyo ndi zigubu za chambiko. Wobwera kudzatenga kiyi uja nthawi zambiri sabwera chimanjamanja: amasiyako kankhuku, n'kufotokoza mmene mvula yagwera ku Nkayi.