Laibulale si kusunga kiyi

Chimene chimandiwawa pa ntchito yanga ndi maganizo akuti aliyense wodziwa kuwerenga angayendetse laibulale. Sukulu ikalandira makatoni a mabuku, amangoyang'ana mphunzitsi wa mapiriyodi ochepa n'kumupatsa kiyi, basi kuyambira tsikulo ndi "a laibulale". N'zotchipadi, poti munthuyo safuna malipiro apadera ndipo sapempha kukaphunzira. Koma kutchipa kumeneku n'kumene kukupha malaibulale kuno ku Liwonde, tsidya la Machinga ndi la Balaka lomwe. Ndipo bwana amene walemba ntchito munthu wophunzira bwino, koma n'kumamukaniza kupita ku maphunziro kapena kukakhala pa komiti nthawi ya ntchito, pomaliza adzakhalanso ndi wosunga kiyi chabe, kungoti wodula.

Za kudinda chidindo, kulemba m'kaundula ndi kupukuta fumbi sindinena, mwana wa Fomu 1 angachite. Ntchito yagona pa kanambala kamene timamata pamsana pa buku. Ambiri timatsatira dongosolo la Melvil Dewey la mu 1876, limene limagawa nzeru zonse m'magulu khumi. Chimanga chili pa 633.15, malungo pa 616.9362, mbiri ya Malawi pa 968.97, njovu pa 599.67. Zikuoneka zophweka mpaka utagwira buku lonena za njovu za ku Liwonde National Park zimene zimathyola mpanda n'kukadya m'minda ya anthu. Ukaliika pa njovu, mlangizi wa zaulimi salipeza. Ukaliika pa 632, pa zowononga mbewu, wofufuza za kasamalidwe ka zachilengedwe adzalisaka ku 333.95 n'kutuluka chimanjamanja. Uyenera kuwerenga mawu oyamba, kuona mitu yake, n'kuganizira amene amalowa pakhomo pako: kodi ndi ophunzira a ku Machinga TTC, alimi, kapena ana a sekondale? Buku loikidwa polakwika n'chimodzimodzi lobedwa, kungoti lobedwa umadziwa kuti palibe. Onjezani apa kuti Dewey sankatiganizira ife. Chingerezi anachipatsa 420 yonse, Chijeremani 430, Chifalansa 440, pamene Chichewa, Chiyao, Chilomwe ndi zinenero zina za mu Africa zapanikizana pa 496. Chikhristu chatambalala kuchokera pa 220 kufika m'ma 280, Chisilamu chili pa 297 pokha, m'boma la Machinga mmene mizikiti ili mudzi ndi mudzi. Wosunga kiyi amalemba 297 pa buku lililonse n'kuunjika. Wodziwa ntchito amatalikitsa nambala kuti Qur'an, malamulo ndi mbiri zikhale padera.

Akuluakulu amene anatiphunzitsa anali a nthawi ya makadi. Kadi iliyonse inkalembedwa pa taipi, dzina la wolemba pamalo pake, mpumiro pamalo pake, ndipo ukaphonya kadontho unkayambiranso. Ankati katalogi ndi lonjezo kwa munthu amene sunakumane naye, ndipo ankazindikira kadi yolakwika pongoyendetsa chala m'dirowa. Ambiri a iwo anadzera m'maphunziro a satifiketi a Malawi Library Association, bungwe limene linayamba mu 1976, ndipo owaphunzitsa anali anthu apantchito amene mabwana awo ankawalola kuchoka pa desiki. Lero Mzuzu University imapereka digiri, koma digiri siimitsa nthawi. Buku lalikulu la Dewey linafika pa kusindikiza kwa 23 mu 2011, ndipo zosintha zimatulukira pa intaneti. Makadi alowa m'kompyuta kudzera m'mapulogalamu ngati Koha. Amene anamaliza sukulu zaka khumi zapitazo osakhalanso pansi ndi anzake akugwira ntchito ndi nzeru zakale.

Ndikudziwa zimene mabwana amayankha tikapempha kupita ku maphunziro. Amati anthu amathamangira ku misonkhano chifukwa cha alawansi, ndipo sindikana, matenda amenewo alipo m'maofesi onse. Mankhwala ake ndi kufunsa chimene munthu wabwera nacho: aonetse pa shelefu, aphunzitse mnzake, alembe lipoti la tsamba limodzi. Kutseka chitseko kwa onse chifukwa cha adyera n'kulanga wosalakwa. Amatinso wantchito ndi mmodzi, akachoka laibulale itsekedwa. Zoona, n'chifukwa chake masiku amenewa ayenera kukonzedwa chaka chikamayamba, apewe nyengo ya mayeso a MSCE pamene mipando imadzaza, ndipo chidziwitso chimatidwe pakhomo sabata isanakwane. Yankho limene limandinyansa kwambiri ndi lakuti aziphunzira Loweruka kapena madzulo pa foni. Bandulo agule ndi malipiro ake omwewo, magetsi akhale atazima, kumudzi kuli maliro, koma phindu lidzakhale la sukulu? Msodzi wa pa Shire akakhala pagombe n'kumasoka ukonde, palibe amene amati wajomba.

Za makomiti n'zimene anthu amazipeputsa kwambiri. MALICO, mgwirizano wa malaibulale umene unayamba mu 2003, umathandiza kuti makoleji asonkhe ndalama n'kulipira limodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti, amene koleji imodzi payokha sikanakwanitsa. Zimenezi zinatheka chifukwa anthu ena anasiya madesiki awo n'kukakhala pa misonkhano yotopetsa. Ngakhale pasukulu pompano, komiti ya bajeti ikakumana woyang'anira laibulale kulibe, palibe amene adzakumbuke mankhwala a chiswe, guluu ndi tepi yomatira, chonsecho kutentha ndi chinyontho cha kuno zimasungunula guluu wa pamsana, ndipo owerenga athu amapinda masamba, ena kung'amba kumene chithunzi chimene achikonda, n'kubweza buku lonyowa ali nkhope gwa. Buku latsopano mtengo wake mukuudziwa. Kumanga lakale n'kotchipa, koma luso lake umakaliona kwa anzako, ndipo ku Zomba, kumene kuli National Archives ndi laibulale ya University of Malawi, ndi ulendo wopita m'mawa pa minibasi n'kubwera madzulo.

Inu aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a makoleji, lembani masiku a maphunziro ndi a makomiti pa kalendala ya chaka, musayine, ndipo ndalama ya minibasi ituluke m'thumba la sukulu.